Nthenga za Naphulusa

Nyengo imene nkhunda zimathothoka nthenga, pabwalo lathu pamakhala ngati wina wang'amba pilo kumwamba n'kuiwala kusoka. Tinthenga toyera timangoyandama tsiku lonse, osafulumira, osadziwa kotera. Tina timakakamira pa zovala zoyanika, tina timazungulira pakona pa masitepe, tina timabwera kudzasuzumira pawindo langa, pamene ndimakhala n'kumawodzera chipumire ntchito ya upolisi. Nkhunda zenizenizo zimangokhala duu, mipikisano imayamba yaima, ndipo ngakhale wailesi ya pagolosale imamveka ngati ikulira kuseri kwa phiri.

Ndinali pakati pa tulo ndi maso m'mawa umenewo pamene chitseko chinagogodedwa.

"A Sajeni! Muli maso kodi?"

Anali a Mawotchi, aneba anga a khomo loyang'anana ndi langa, mkulu wokonza mawotchi amene anakalambira pa kagalasi ka padiso. Anaima atatsamira khoma, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu.

"Ndili maso tsopano, poti mwandidzutsa. Kwagwanji?"

"Naphulusa. Akuti wadyedwa ndi mphaka."

Naphulusa inali nkhunda yawo yaikazi, yotuwa ngati phulusa lozizira. Ankaitchula ngati munthu, ndipo tonse tinazolowera kutero. Pa mpikisano, nkhunda zimatengedwa pagalimoto kupita kutali n'kukazitulutsa kumeneko, ndipo yoyamba kufika kukhola kwawo ndiyo yapambana. Naphulusa ankafika anzake akadafunsa njira. Ana a a Mawotchi anakula n'kumwazikana, mawotchi anthu anasiya kuvala, koma mkuluyu ankadzuka m'mawa uliwonse chifukwa cha mbalame imeneyi. Popanda iyo ndinkadziwa kuti munthuyu angofota ngati ndiwo zothyoledwa dzulo.

"Mwati akuti. Akutero ndani?"

"Mayi akunyumba. Ndi amene apeza nthenga."

"Nanga inu mukuti chiyani?"

Anayang'ana kumbali, komwe kanthenga kena kamatsika pang'onopang'ono pakhonde.

"Ine ndikuti mundipezere mphakayo," anatero.

*

Khola lawo lili padenga la simenti la tinyumba tosungiramo katundu, kuseri kwa bwalo. Timakwerako pa masitepe achitsulo okhala ndi kageti pansi pake. A Mawotchi anakwera akupuma panjira, ine ndili pambuyo kudandaula za mawondo anga.

Nthengazo zinali pafupi ndi thanki ya madzi, zazikulu ndi zazing'ono, zotuwa zokhazokha. Ndinagwada n'kutola imodzi. Za nkhunda sindidziwa, koma pantchito yanga ndinaonapo malo ambiri amene chamoyo chinafera, ndipo imfa siyisiya pamalo paukhondo chotere. Panalibe dontho la magazi. Panalibe kamwendo kapena kamutu. Tsinde la nthenga iliyonse linali louma, loyera, losatafunidwa.

"Mwazigwira nthengazi?"

"Ayi. Maso anga anatha, a Sajeni."

Ha! Maso otha, munthu amene amatola kasikuluwu kochepa kuposa njere ya mchenga?

"Tandiuzeni za kuthothokaku. Zimangogwa chisawawa?"

Apa nkhope yawo inawala pang'ono, monga amachitira munthu ukamufunsa za mwana wake. "Ayi ndithu. Phiko lililonse lili ndi nthenga zazikulu khumi. Zimagwa imodziimodzi, kuyambira m'kati kupita kunsonga, uku ndi uku mofanana. Ina ikagwa, yatsopano imamera, ndipo ikamamera imakhala ndi magazi m'tsinde. Naphulusa watsala ndi yakunsonga yokha. Nthawi imeneyi nkhunda suiulutsa kutali, suigwiragwira, suidzidzimutsa. Umangoipatsa madzi osamba, chakudya chamafuta ndi mtendere. Ukaivutitsa, nthengayo imamera yopindika, ndiye chaka chonse chapita."

Analankhula ngati Naphulusa akadali moyo, ndipo sanazindikire.

Tinalowa m'khola. Dzuwa linkalowa m'mipata ya matabwa, ndipo m'kuwalako munkasambira fumbi loyera, lopepuka kuposa ufa. Nkhunda zina zinatiyang'ana ndi diso limodzi, zitafufuma, zina zili ndi makosi a mawangamawanga. A Mawotchi anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chochokera pansi penipeni, mpaka anagwira mtengo. Ine ndinkayang'ana pansi. Nyengo imene nthenga zimagwa usana ndi usiku, pansipo panali posesedwa bwino.

"Chakudya chamafutacho n'chiti?"

Anatsitsa chitini pa shelefu. "Mpendadzuwa, ndi tinjere tina." Anatsegula, n'kuima. Kenako anatseka msangamsanga, koma ndinali nditaona kale. Chitini chinali pakati, ndipo mzere wa mafuta unkaonetsa kuti posachedwapa chinali chodzaza.

"Dzulo chinali chonchi?"

"Sindikukumbuka."

"Abale inu," ndinatero, "mphaka wake ndi wochenjera. Wadya nkhunda n'kutenganso kamba wa paulendo."

A Mawotchi sanaseke.

*

Mphaka wodziwika pabwalo lathu ndi mmodzi, wa mayi a pagolosale. Ndisanamalize n'komwe moni, mayiwo anali atagwira kale m'chiuno.

"Ndamva, ndamva! Akuti mphaka wanga. Tamuonani nokha, a Sajeni, uyo ali apoyo. Ameneyu angakwere padenga? Mbewa zimamudumpha pamsana, iye n'kumangoyasamula. Mano anatha kalekale, ndimachita kumunyowetsera buledi ngati khanda. Ndiponso amagona muno, ndimamutsekera, amatuluka ndikatsegula. Anthu asamangonamizira cholengedwa poti sichiyankha!"

Mphakayo anali atadzipinda pa thumba la shuga, kanthenga kali pamphuno, osakachotsa n'komwe.

"Mwatsegula nthawi yanji lero?"

"Kutangoyera, monga mwa masiku onse. Ine si waulesi ngati ena."

"Munaona chachilendo?"

Anatsitsa mawu, koma mawu awo otsitsa amamveka kutsidya kwa msewu. "Ine si wamiseche, mukundidziwa. Koma pamene ndimakweza chitseko, ndinaona a Lumo akutuluka pageti la kuseri atanyamula katoni. Katoni yobowolabowola, a Sajeni! Amayenda mwa nyang'anyang'a ngati anyamula mazira. Munthu wometa amafuna chiyani kuseri kwa nyumba za eni kusanache bwino?"

A Lumo ndi wometa wa pakona. Kale ankaweta nkhunda za mpikisano, ndipo Naphulusa anawagonjetsa mobwerezabwereza mpaka anagulitsa zonse n'kulumbira kuti sadzagwiranso mbalame. Kuyambira pamenepo, iwo ndi a Mawotchi ankapatsana moni wa pamphuno.

"Musanene kuti mwamva kwa ine," anatero mayiwo. "Ndimameta komweko."

*

A Lumo ndinawapeza alibe kasitomala, akupukuta galasi loyera kale.

"Aaa, boma lafika! Takulandirani, mayi wa chilungamo, mthunzi wa osauka. Tikuchepetseni m'mbalimu? Imvi zanu zikukukhalani ngati chisoti cha mfumukazi."

"Siyani imvi zanga. M'mawa munali kuti?"

"Munthu amakhala kuti m'mawa? Thupi pabedi, mzimu kwa Mulungu, maganizo pa lendi."

"Ndi katoni m'manja?"

"Katoni! Dziko lino ladzaza makatoni, a Sajeni. Wina wa sopo, wina wa mabisiketi..."

Ndinawasiya alakatule, ine n'kumayang'ana buluku lawo lakuda. Pantchafu ndi pamimba pa malaya panali mbuu, zoyera, ngati anakumbatira thumba la ufa.

"Mwadetsedwa."

"Paudala wa makasitomala uyu. Ntchito yathu ndi imeneyi."

"Makasitomala ake ati? Pansipa palibe ndi tsitsi limodzi lomwe."

Ndinatenga botolo la paudala wawo n'kununkhiza. Linkanunkhira maluwa mpaka kuyetsemula. Kenako ndinapaka chala pa malaya awo. Zoyerazo zinalibe fungo, zinali zoterera, zofanana ndi fumbi lija ndinaliona likusambira m'khola.

Nthawi yomweyo, kuseri kwa katani, kunamveka mawu apansipansi: kukuu, kukuu.

A Lumo analumphira makina ometera n'kuwayatsa. Anaima pakati pa chipinda, makina akulira m'manja, akumeta mphepo. Ndinawayang'ana mpaka manyazi anawagwira, ndiyeno ndinazula waya kukhoma.

Kuchipinda cha kuseri kunali kamdima kozizira, windo litaphimbidwa ndi thaulo. M'khola lalikulu lawaya munali Naphulusa, ataima m'beseni, akudzithira madzi ndi mapiko mosathamanga. Pamwamba pa madziwo pankayandama zoyera ngati mkaka. Pambali panali kambale ka mpendadzuwa. Anandiyang'ana ndi diso lake lofiira, n'kupitiriza kusamba, ngati mayi amene wamulowera m'bafa mwana wosadziwa kanthu.

Mtima wanga unakhala pansi, kenako unakwiya.

"Munthu wamkulu ngati inu, kuba nkhunda ya mnzanu wodwala! Mwasowa chochita?"

Ndakatulo zonse zinawathera. "Ndingabe n'kupita nayo kuti, a Sajeni? Nkhunda yaikulu siyibeka. Nditati nditsegule windoli, ifika kwawo inu musanawoloke msewu. Kuti ikhale pano, iyenera kukhala yotsekeredwa mpaka imfa. Mukuganiza kuti ine, amene ndinaiona ikubooka m'mitambo, ndingakonde zimenezo?"

"Nanga yafika bwanji muno?"

"Ndinapatsidwa. Anandichonderera, akulira."

"Ndani?"

Anabwerera kometera, anakhala pa mpando wa makasitomala n'kuyang'ana pansi. "Kafunseni amene amasesa m'khola."

*

Akazi awo a Mawotchi ndinawapeza kukhitchini akusita malaya a amuna awo. Ndi mayi wa mawu ochepa, woyenda ngati safuna kudzutsa pansi. Nditatseka chitseko, anaimika simbi.

"Mwampeza," anatero.

"Ndampeza. Akusamba."

"Wadya?"

"Achemwali, ine ndabwera ndi mafunso, inu mukundifunsanso?"

Anakhala pa kampando, manja pamiyendo. "Funsani."

"Nthenga zija munazitenga kuti?"

"M'zinyalala. Ndimasesa ndine. Chiyambire nyengoyi ndakhala ndikusankha zake zokha n'kumasunga m'kathumba. Kumuzula sindikanatha."

"Mukadathirako magazi a nkhuku, mwina mukadandipusitsa."

"Ndinaganiza. Ndinafika nawo mpaka padenga." Anapukusa mutu. "Ndiye ndinati, bambo akaona magazi, aziganiza kuti anamva kuwawa. Ndinawataya."

Kalanga ine! Pantchito yanga ndinagwira akuba a mitundumitundu, koma sindinaonepo wakuba wogwidwa chifukwa chomvera chisoni mwini katundu.

"Chifukwa chiyani, achemwali?"

"Mwawamva kupuma kwawo. Adokotala anationetsa chithunzi cha m'chifuwa. Mapapo ali mbuu, ngati galasi la m'bafa. Akuti ndi fumbi la nthenga, ndipo nyengo ino ndiye limachuluka. Akuti akapitiriza kulowa m'khola, chaka chamawa sadzaona nthenga zikugwa. Ndawaletsa mokoma, ndawaletsa mokalipa. Amavomera, m'mawa n'kuwapeza ali padenga. Tsiku lina anati, Naphulusa akadzapita, zinazi ndidzagawa. Ndiye ndinati apite."

Anatenga malaya aja n'kuyamba kuwapinda, ngakhale dzanja limodzi linali losasita.

"Musawauze, a Sajeni. Akwiyire mphaka. Akandikwiyira ine, adzawaphikira ndani?"

Ndinatuluka mutu uli zweee. Akuluakulu sananame, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanena zoona, mkulu uja abwerera m'fumbi lomupha. Ndikanama, mbalame ifera m'chipinda cha wometa, mwini wake n'kumafota pang'onopang'ono. Ndinaima pakhonde nthawi yaitali, tinthenga tikundizungulira, ndikulakalaka mlandu wa mbava wamba yothyola windo.

*

A Mawotchi anali pa tebulo lawo la ntchito, kagalasi kali padiso, koma patsogolo pawo panalibe wotchi. Mawotchi a pakhoma ankangoyenda, iliyonse ndi nthawi yake.

"Mwampeza mphaka?" anafunsa osatembenuka.

"Ndampeza."

"Akumupatsa madzi osamba?"

Ndinakhala pansi. "Mumadziwa."

"A Sajeni, nthenga yogwa yokha ndi yozulidwa ndimazisiyanitsa ndili chitsinzire. Pamulu uja panali ina imene inagwa kumayambiriro kwa nyengo, ndinaiona ndekha ikugwa. Ndipo wodziwa pamene pamakhala chitini ndi mmodzi."

"Ndiye munandidzutsiranji, ine nkhalamba ya mawondo owawa?"

"Ndikanawafunsa, akanayenera kundinamiza kachiwiri, akundiyang'ana m'maso. Kamodzi kaja kawapweteka kale. Sanadye chilichonse lero." Anachotsa kagalasi. "Ine ndimangofuna kudziwa ngati ali pabwino. Ali kuti?"

"Kwa a Lumo."

"Kwa Lumo!" Anatsokomola mpaka misozi. "Chabwino. Pakamwa pake ndi pa bodza, koma manja ake amadziwa nkhunda. Windo waphimba?"

"Waphimba."

Kunja kanthenga kanagunda galasi n'kutsetsereka.

"Nthenga yomaliza ikamera, adzafuna kumwamba," anatero a Mawotchi motsitsa. "Simunaonepo nkhunda ya nthenga zatsopano itatsekeredwa. Imadzimenyetsa pa waya mpaka mapiko onse kuthetheka. Naphulusa sanalakwe kanthu. Wodwala ndine, wosamva ndine. Iye alowerenji ndende?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa loko wamkulu wamkuwa, wokhala ndi makiyi awiri. Anamuika m'manja mwanga, n'kupinda zala zanga ndi dzanja lawo lozizira.

"Mukhome pa kageti ka masitepe. Kiyi mmodzi wa mayi, mmodzi wanu. Ndende mumaidziwa ndinu. Ndikadzabwera kudzapempha, ngakhale ndikulira, ngakhale nditanena kuti khola likupsa, musadzandipatse. Wandende akhale ine."

"Nanga mayi ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti mphaka uja walapa."

*

Tinadikira mpaka nthenga yakunsonga itamera yonse. A Lumo ankabwera ndi malipoti ataliatali, theka lake ndakatulo. A Mawotchi anabwera pakhomo panga kangapo, n'kuima, n'kufunsa za nyengo, maso ali pa msomali pamene ndinapachika kiyi. Ine ndinkayankha za nyengo. Kupuma kwawo kunayamba kufewa pang'ono, koma masana ankangokhala pawindo ngati munthu wodikira basi imene inasiya kudutsa.

Tsiku lomutulutsa Naphulusa kunacha kopanda mphepo. Nthenga zinali zitasiya kugwa, kumwamba kuli mbee. A Mawotchi anabwera kudzaima pawindo langa, poti ndi limene limaona bwino padenga. Windo tinatseka, kuopa fumbi. Akazi awo anali pafupi ndi khola, atavala jasi lakale limene ankalivulira kunja akamatsika.

Kumbali ya kwa a Lumo kunatuluka kadontho. Kanakwera, kanakwera, mpaka ndinakataya, kenako mapiko anang'anima padzuwa. Naphulusa anazungulira pamwamba pa nyumba zathu mozama, mosafulumira, ngati akuwerenga madenga kuti aone ngati onse alipo. A Mawotchi anakanikiza mphuno yawo pagalasi.

Naphulusa anatera pamwamba pa thanki. Anayang'ana kukhola, anayang'ana kumasitepe, koma sanalowe. Mayi aja anagwedeza chitini. Naphulusa anangopendeketsa mutu n'kuyang'ananso kumasitepe.

"Akudikira mluzu wanga," ananong'ona a Mawotchi. "Salowa popanda mluzu."

Anasongola milomo. Kunatuluka mpweya wokha, kenako chifuwa. Anayesanso, nkhope ikuda, koma ngakhale akanatha, galasi likanaumeza. Ndinaona dzanja lawo likufufuza chotsegulira windo, kenako maso awo anapita pa msomali uja. Ndinaimirira pakati pa iwo ndi kiyi, mtima ukundiwawa ngati ndine wolakwa.

Pamenepo mluzu unamveka kuchokera padenga, wotsika kenako wokwera, wonjenjemera pang'ono. Anali mayi aja, amene zaka zonsezi ankaumva ali chowerama ndi tsache. Naphulusa anatambasula khosi. Mluzu unabwerezanso. Anatsika pathanki, anayenda pa thabwa mwaulemu wake, n'kulowa.

A Mawotchi anali akadasongola milomo, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Akulakwitsa kumapeto," anatero. Anapukuta galasi ndi dzanja la malaya, pamene mpweya wawo unapanga nthunzi. "Koma walowa, a Sajeni. Walowa popanda ine."